Mutu 6: Tamara Akana Kudumpha Asanatsanzike

1. Kugogoda kosayankhidwa

Loweruka limenelo kunacha bwino. Unali mwezi wa Januwale, nyengo imene dzuwa la ku Dubai limaleka kuwotcha anthu. Kumwamba kunalibe mtambo ndi umodzi womwe, ndipo mbendera za pamahotela a ku Al Rigga zinangoti lende. Koma a zanyengo anali atachenjeza kuti pofika masana kubwera mphepo ya fumbi.

Tamara anali mtsikana wa zaka 19. Ankagulitsa nsapato m'sitolo ina ku Dubai Mall, ndipo ankakhala ndi bambo ake, a Boniface Chimbalanga, m'kanyumba ka zipinda ziwiri pamwamba pa malo odyera. Mayi ake anali atamwalira zaka zinayi zapitazo.

A Boniface anali msilikali wopuma. Amalawi onse a ku Dubai ankawatchula kuti a Sajeni. Tsopano ankayang'anira kapinga pabwalo la kiriketi ku Sports City. Sankalankhula zambiri. Akati inde, ndi inde. Akati ayi, nkhani yathera pomwepo.

M'mawa umenewo anagogoda pachitseko cha Tamara monga ankachitira masiku onse.

"Tamara, ndapita."

Tamara anali maso, atavala kale. Anadzifunditsa bulangeti mpaka kumutu, nakhala chete. A Boniface anadikira pang'ono, kenako anatseka chitseko cha panja mosamala kuti asamudzutse.

Chimene chinam'tseka pakamwa ndi ichi. Achinyamata asanu ndi mmodzi a ku Malawi ndi ku Zambia anagwirizana kudumpha m'ndege ndi parachuti, kuti apeze thandizo la asilikali amene anavulala ku Congo pamodzi ndi mabanja awo. Anadzera ku bungwe lokhala ndi chilolezo, pakuti ku Dubai munthu sasonkhetsa ndalama mwachisawawa. Anthu ambiri analonjeza kuti wodumpha akadumphadi, iwo apereka. Tamara analembetsa. Atawauza bambo ake masabata awiri apitawo, iwo anangoyankha mawu amodzi: "Ayi."

Iye sanatsutse. Koma dzina lake sanalifufute.

2. Msewu wa ku Al Ain

Pansi pa nyumbayo panaima galimoto yakale ya Che Asumani, bambo wa ku Mangochi amene ankayendetsa galimoto ya banja lina la Chiarabu. Anali mnzawo wa a Boniface wa zaka zambiri.

"Yalla, yalla, fulumira, mbalame yathu!" anakuwa Che Asumani akuliza hutala.

"Mwadzuka bwanji, amalume?"

"Alhamdulillah, ndadzuka. Wadya? Usakhute kwambiri, ungativumbitsire mvula ife otsala pansi."

Tamara anaseka, nakhala kutsogolo. Anavala tisheti yobiriwira ya gulu lawo. Anadutsa masitolo amene anali akungotsegulidwa, nalowa mumsewu wa ku Al Ain, wopita kuchipululu kumene kuli bwalo la odumpha.

"A Sajeni atipeza nthawi yanji?" anafunsa Che Asumani. "Kapena tiwadzere?"

Tamara anayang'ana pawindo.

"Iwe mwana, ndikufunsa. Watsanzika?"

"Anakana, amalume. Ndimati ndikawauze ndikatera. Akandiona ndili bwinobwino sakwiya kwambiri."

Che Asumani anazimitsa wailesi. Kenako anayamba.

"Tamara, undimvere bwino, pakuti sindibwereza. Ine kudumpha kwakoko sindikukuletsa. Zaka wakwanitsa. Fomu usayina wekha, ndipo azungu a kumeneko sakufunsa kuti bambo ako ndani. Cholinga chakonso n'chabwino. Koma kwathu munthu sachoka pakhomo mozemba. Ngakhale ukupita kuchigayo umanena kuti ndapita, wotsalayo nayankha kuti pita bwino. Ana a masiku ano mumayesa kuti akulu tikufuna kukulondalondani. Si zimenezo ayi. Timafuna kuti mawu anu atsale m'khutu mwathu mpaka mutabwerako."

Anapeza lole yonyamula mchenga, naipitirira.

"Pali chinthu chimene sunauzidwe, poti unali kusukulu yogonera konko. Tsiku limene mayi ako, a Doris, anakwera minibasi ya ku Lilongwe, bambo ako anali m'tulo. Anali atangofika kuchokera ku ulonda, atatopa. Mayi ako anawamvera chisoni, sanawadzutse. Anangowasiyira tiyi m'fulasiki. Minibasi ija ukudziwa kuti sinafike. Bambo ako anandiuza zimenezi kamodzi kokha, tikumwa tiyi pa Al Rigga pompaja. Anati imfa anaivomera, koma chimene chimawasowetsa mtendere n'chakuti sanamve mawu oti ndapita. Ukuganiza kuti amagogoderanji pachitseko chako m'mawa uliwonse, ngakhale akudziwa kuti wagona mochedwa? Lero ukufuna kuti amve kwa anthu, kapena aone pafoni, kuti mwana wawo ali m'mitambo? Inshallah utera bwino, ine sindikukayika. Koma ukatera bwino utawabisira, mawa akagogoda adzakhulupirira bwanji kuti uli m'katimo?"

Tamara anaweramitsa mutu.

"Kutsogoloku kuli mphambano," anatero Che Asumani. "Kuwongoka ndi kuchipululu. Kukhota ndi ku Sports City. Galimoto ndi yanga, koma ulendo ndi wako. Unene wekha."

Nthawi yomweyo foni inalira. Anali Cindy, mtsikana wa ku Lusaka wogwira ntchito m'ndege zonyamula anthu, amene ankatsogolera gululo.

"Tamara, uli kuti iwe? Tonse tafika, tavala na kuvala! Ndeke yathu inyamuka 8 koloko, manje ni hafu seveni!"

"Cindy, ndikachedwa pali ndege ina?"

"Kuchedwa? Awe, habibi, osayamba. Akamba ati mphepo ibwera, akatseka bwalo ni kutseka, khalas, kwatha. Ukapanda kujumpha, bonse baja banakulonjeza sibazapasa. Wayamba mantha, ka?"

"Si mantha ayi."

"Nanga ni chani?"

Chikwangwani cha mphambano chinaonekera. Tamara anatseka foni ndi dzanja.

"Amalume, khotani."

3. Pakapinga wonyowa

Anafika ku Sports City nthawi itangopitirira 8 koloko. Bwalo la kiriketi linali lobiriwira ngati dimba, mipope ikuzungulira n'kumawaza madzi. Pakati pake panaima a Boniface, atavala chipewa chachikulu ndi nsapato za mphira, akuloza antchito awo awiri a ku Pakistan malo ofunika kudula.

Tamara anayenda mpaka pamaso pawo, nagwada. Madzi analowa m'mawondo a buluku lake. Antchito aja analeka kudula, nayamba kuonerera.

"Ababa, ndabwera kudzatsanzika."

A Boniface anayang'ana tisheti yobiriwira ija.

"Ukupita kuti?"

"Kukadumpha. M'mawa muja mutagogoda ndinali maso. Ndinakhala chete dala. Ndalakwa, Ababa."

"Ndinati chiyani?"

"Munati ayi."

"Nanga?"

"Chaka chatha nditapita kumudzi ndinakaona a Ishmael, anzanu aja amene munali nawo ku Congo. Mwendo wawo wopanga uja unang'aluka. Amaumanga ndi chubu cha njinga, ndipo akamayenda umalira. Iwo amangoseka, amati ndi wailesi yawo. Koma Lennah, mwana wawo, anasiyira sukulu Fomu 2 kuti azithandiza kumunda. Tinkakhala desiki imodzi ndi Lennah, Ababa. Ine ndilibe chuma choti ndiwapatse. Ndili ndi thupi lokhali ndi mtima wolimba pang'ono."

Mpope unazungulira, nuwawaza onse awiri. Palibe anasuntha.

"Ndikanenanso kuti ayi?" anafunsa a Boniface.

"Sindidumpha. Ndikawauza onse amene analonjeza kuti ndalephera. Koma mwezi wamawa ndidzagwadanso pano. Mukadzakana, ndidzagwadanso mwezi winawo."

Che Asumani, amene anaima chapatali, anaseka mpaka kugwira mimba.

"A Sajeni, makani amenewa mwanayu anawatola kuti? Ine ndikuona ngati ndi a pakhomo pomwepo!"

A Boniface sanaseke, koma ndevu zawo zinagwedera pang'ono. Analoza pansi.

"Khala."

Tamara anakhala pakapinga, osadziwa chimene chikubwera.

"Tambalala. Gwira kunsi kwa mawondo. Kweza miyendo."

"Ababa?"

"Kweza!"

Tamara anakweza. A Boniface anayang'ana wotchi yawo. Miyendo itayamba kunjenjemera Tamara anaitsitsa.

"Bwereza. Potera, miyendo m'mwamba. Ukaponda msanga, akakolo athyoka."

Anabwereza kanayi. Antchito aja anayamba kumuwerengera m'chinenero chawo, akuwomba m'manja. Ulendo wachisanu Tamara anagwa chagada m'madzi, akuseka.

"Koma Ababa, zimenezi mukuzidziwa bwanji? Paja munkati ku Salima munkagwira ntchito mosungira katundu?"

"Katundu wake anali maparachuti."

"Ankapinda ndi manja awo omwewa," anatero Che Asumani. "Ndipo anadumphapo maulendo oposa makumi anayi. Mayi ako ankadana nazo, n'chifukwa chake nkhaniyo sinkalowa m'nyumba."

Tamara anawayang'ana bambo ake kukamwa kuli yasa. A Boniface anatulutsa makiyi a mipope, napatsa mmodzi wa antchito aja, namuuza kuti abwerako masana.

"Chalo, chalo!" anatero wantchitoyo akuwakankhira kugalimoto.

"Ndiye kuti mwalola?" anafunsa Tamara.

"Ndikaone kaye malamba."

4. Zala ziwiri

Pamene ankafika kuchipululu, anzake onse asanu anali atatera kale. Cindy anathamangira galimoto, tsitsi lili nyankhalala, mawu atasasa ndi kukuwa.

"Iwe Tamara, wataya! Tinajumpha tonse pamodzi, ine ninaitana amai banga katatu! Unali kuti?" Ataona a Boniface akutsika, anadzigwira. "Mwauka bwanji, a Sajeni?"

"Tauka."

Tamara anaona anzake akuonetsana zithunzi, atakolekana manja m'khosi pakhomo la ndege. M'zithunzimo iye munalibe. Zinamuwawa.

Pamtengo wautali panali kansalu kooneka ngati thumba, kosonyeza mphamvu ya mphepo. Kanali katayamba kudzuka. Mayi wa paofesi anati kwatsala ndege imodzi yokha, ndipo muli malo a munthu mmodzi. Mphepo ikakula ndegeyo isananyamuke, atseka.

Anamukweza pasikelo, pakuti aliyense wodumpha amayamba wayezedwa kulemera kwake. Anasayina fomu. Kenako kunabwera mayi wamfupi wa mapewa otambalala, dzina lake Kelly. Iyeyu ndiye anali katswiri woti adumphe naye atamangiriridwa pamodzi, Tamara kutsogolo, iye kumbuyo ndi parachuti.

Kelly anamuveka malamba m'mapewa, pachifuwa ndi m'ntchafu. Atamaliza, a Boniface anavula chipewa, napempha m'Chingerezi ngati angaone nawo. Kelly anavomera.

Analowetsa zala ziwiri kunsi kwa lamba wa pachifuwa. Anakoka wa kumanzere, nakoka wa kumanja. Anatembenuza ngowe zinayi zolumikizira anthu awiriwo, imodziimodzi, akuzitsegula ndi kuzitseka pafupi ndi khutu lawo. Kenako anazungulira kumbuyo kwa Kelly, nayang'ana mmene chikwama cha parachuti chinatsekedwera.

Kelly anamwetulira. "Bambo, manja amenewa si a mlendo. Munadumphira kuti?"

"Kwathu."

"Ndakhoza mayeso?"

"Mwakhoza."

"Mashallah!" anatero Che Asumani. "Mayi inu mukondwere. Ine zaka zonsezi sanandiuzepo kuti ndakhoza, ngakhale kuimika galimoto."

Injini ya ndege inalira. Kansalu kaja kanadzuka, n'kugwanso. Kelly anakodola Tamara kuti azipita. Tamara anayenda mapazi atatu, nabwerera. Malamba anam'letsa kugwada, choncho anangopinda mawondo pang'ono.

"Ababa, ndapita."

A Boniface anam'yang'ana nthawi yaitali.

"Pita bwino, mwanangu. Undipeza pompano."

5. Miyendo m'mwamba

Ndegeyo inali yaing'ono, yopanda mipando yeniyeni. Anthu anakhala mopanikizana, wina pakati pa miyendo ya mnzake. Pawindo Tamara anaona mchenga wofiirira ukutalikira. Ngamira zinasanduka nyerere. Kutali kwambiri, nsanja ya Burj Khalifa inkaoneka ngati singano yobayidwa pansalu.

Kelly anamangirira ngowe zinayi zija, nakoka malamba mpaka Tamara anamva kupuma kwake pamsana. Chitseko chinatseguka. Kunalowa chimphepo chozizira ngati cha pa Dedza mu Juni. Awiri oyamba anasendera pakhomo, nazimiririka. Awiri ena chimodzimodzi.

Tamara anapezeka atakhala pakhomo, miyendo ili panja, pansi pake palibe kanthu.

"Wakonzeka?" anakuwa Kelly.

"Ayi!"

"Aliyense amatero!"

Anagwa.

Mphepo inam'menya kumaso, masaya ake nayamba kupepheruka ngati nsalu yoyanika. Anafuna kukuwa, koma mpweya unadzaza m'kamwa. Kenako Kelly anam'gogoda paphewa, iye natambasula manja. Mantha anathera pomwepo. Anakuwa dzina la Lennah, anakuwa dzina la a Ishmael, anakuwanso zina zimene iye mwini sanazimve.

Mwadzidzidzi malamba anam'koka m'mwamba. Parachuti yofiira inatambasuka pamwamba pawo, ndipo kunangoti zii. Anayandama pang'onopang'ono, akuzungulira. Tamara anaseka mpaka misozi inalowa m'magalasi otchinga maso.

Bwalo linayamba kukula. Anaona matisheti obiriwira akudumphadumpha pamthunzi. Anaona mkanjo woyera wa Che Asumani. Ndipo patali ndi onsewo, padzuwa, panaima munthu mmodzi wa chipewa chachikulu. Sanasunthe ndi phazi limodzi lomwe kuchoka pamene anam'siya.

Mphepo inawakankhira kumbali. Kelly anakoka zingwe, nawongola. Nthaka inabwera mothamanga. Kelly asanatsegule pakamwa, kunamveka mawu aakulu amene anadzaza bwalo lonse.

"Miyendoooo!"

Tamara anali asanamvepo bambo ake akukuwa chibadwire. Anagwira kunsi kwa mawondo, nakweza. Anatsetsereka ndi matako paudzu, naima.

Cindy ndi anzake anam'gwera onse pamodzi. Che Asumani ankavina yekha, makiyi a galimoto akulira m'manja. Kelly atamasula ngowe, Tamara anadzuka, nayenda mpaka pamene panali bambo ake.

"Ababa, ndabwerako."

"Wabwerako," anatero a Boniface. Anam'chotsa udzu m'tsitsi. "Wa kumanzere unatsika pang'ono."

"Ababa!"

Pamenepo a Boniface anaseka, mano onse poyera.

6. Uthenga wa a Ishmael

Pasanathe theka la ola, kansalu kaja kanaima chowongoka. Kumadzulo kunayamba kufiira ndi fumbi, ndipo mayi wa paofesi analengeza kuti kudumpha kwatha tsiku limenelo. Ndege ya Tamara inalidi yomaliza.

Onse anathawira m'kati, nakhala mozungulira tebulo, akumwa madzi ozizira. Cindy anatumiza kanema wa kudumpha kwa Tamara kwa anthu amene analonjeza, ndipo mafoni anayamba kulira motsatizana. Tamara anatumiza kanemayo kwa Lennah.

Posakhalitsa kunabwera uthenga wa mawu. Anali a Ishmael eniake, kumbuyo kwawo kukumveka nkhuku ndi ana. Tamara anakweza foni kuti onse amve.

"Tamara, mwana wa mnzanga, taona! Mudzi wonse waunjikana pafoni imodzi, ena akuti ndi zopanga. Lennah akulira, mayi ake akululutira. Mulungu akudalitse, mwanangu. Ndaonanso chipewa cha bambo ako chili chiimire ngati chitsa. Boniface, ukundimva? Mwana wamkazi wadumphira ine. Nanga iwe, miyendo uli nayo iwiri yonse, ukuichita chiyani? Kapena wakalamba, a Sajeni?"

Gulu lonse linafa ndi phwete. Che Asumani anamenya tebulo.

"Musawaseke," anatero. "Munthu wothirira maluwa sadumpha. Angaponde kapinga."

"Ulendo wina uliko mu Malichi," anatero Cindy akupukuta misozi ya kuseka. "Koma tifuna bachinyamata chabe, a Sajeni. Imwe muzatisungila vikwama."

A Boniface anamaliza madzi awo, naika botolo patebulo. Anaimirira, navula chipewa, nachipereka kwa Tamara.

"Ndapita," anatero.

"Kuti, Ababa?"

Iwo anayenda mpaka paofesi, navula nsapato zawo za mphira, nakwera pasikelo, napempha fomu.